Molekyulu ikakana kuzungulira: Mol*, JSmol, PyMOL kapena ChimeraX pa makina athu a ku Tete

Mphunzitsi wa Biologia kapena Química amene akufuna kuonetsa ana a 12ª classe mmene hemogulobini inapangidwira safunikanso kupotoza choko pa bolodi mpaka dzanja kuwawa. Pa rcsb.org pali mapuloteni, ma DNA ndi zina zotero zopitirira 200,000 zimene asayansi anaziyeza atomu ndi atomu, ndipo aliyense angazitsegule ulere, kuzitembenuza ndi chala, kuziyandikira mpaka kuona kachitsulo kamene kakhala pakati pa heme, kagawo ka hemogulobini konyamula okosijeni. Nkhokwe imeneyi ndi Protein Data Bank, ndipo inayamba mu 1971 ku Brookhaven, ku America, ili ndi zinthu 7 zokha. Koma tengani laputopu yakale, ya mtundu uja umapezeka m'masukulu ndi m'nyumba ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Moatize ngakhale mu mzinda wa Tete momwe, mulembe 4HHB, zilembo zoimira hemogulobini m'nkhokwemo, n'kudina kuti muone mu 3D. Nthawi zambiri chimene chimabwera ndi bokosi lakuda bii, kapena loyera mbee, kapena uthenga wa m'Chingerezi wonena kuti WebGL palibe.

Zikatero, ena amati ndi netiweki n'kukagulanso mamega. Ena amanyamula makina kupita nawo kwa wokonza kuti akawafomate. Zonse ziwirizi kawirikawiri n'kutaya ndalama, ndipo kufomatako nthawi zina ndi kumene kumayambitsa vutoli. Ngati tsamba latseguka lonse, zolemba zikuoneka, dzina la puloteni lili apo, koma malo a chithunzi okha ndi amene adetsedwa, intaneti yagwira kale ntchito yake. Chakanika ndi kujambula.

Molekyulu ya pa tsamba la intaneti imasiyana ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Chimene chimabwera pa netiweki ndi mndandanda wa manambala: atomu iliyonse, mtundu wake, ndi pamene ili pa mizere itatu ya x, y ndi z. Kompyuta yanu ndi imene imasandutsa manambalawo kukhala timipira ndi maliboni, n'kumajambulanso kambirimbiri pa sekondi iliyonse mukamatembenuza. Bulawuza imapereka ntchito imeneyi kwa GPU, kachipangizo kojambula zithunzi, kudzera m'njira yotchedwa WebGL. Bungwe la Khronos linatulutsa WebGL yoyamba mu 2011 ndipo yachiwiri mu 2017. Pakati pa bulawuza ndi GPU pali driver, kapulogalamu kamene kamadziwa chiyankhulo cha GPU yanuyo, ndipo pa Windows palinso ANGLE, imene imasintha malamulo a WebGL kukhala a Direct3D, njira yojambulira ya Windows. Opanga mabulawuza amasunga mndandanda wa ma GPU ndi ma driver amene anapezeka kuti amaumitsa makina, ndipo yanu ikapezeka pamenepo bulawuza imangokana kuigwiritsa ntchito. Zili ngati thiraki pa chipata cha Calómuè: injini ili bwino, katundu ali bwino, koma mapepala anatha ntchito, ndiye siwoloka.

Kaye dziwani pamene padukira

Musanasankhe pulogalamu yoonera mamolekyulu, kaya Mol*, JSmol, PyMOL kapena ChimeraX, yesani makina. Tsegulani get.webgl.org. Tsambali n'lopepuka kwambiri, ndipo WebGL ikakhala ikugwira mudzaona kabokosi ka mizere kakuzungulira. Kakazungulira koma puloteni yanu n'kumakanabe, vuto lili pa fayilo kapena pa tsambalo. Kakapanda kuoneka, lembani chrome://gpu pamalo olembapo adiresi mu Chrome, edge://gpu mu Edge, kapena about:support mu Firefox. Pafupi ndi pamwamba pali mzere wa WebGL. Mawu akuti Hardware accelerated ndi amene mukufuna. Software only akutanthauza kuti GPU yakanidwa ndipo purosesa ndi imene ikusenza katundu yense, n'chifukwa chake molekyulu imayenda modukizadukiza. Disabled kapena Unavailable ndiye kuti palibiretu.

Apa pali chinthu chimene chasokoneza anthu ambiri amene amati kale zinkatheka pa makina omwewa. Kwa zaka zambiri Chrome ikakana GPU inkatembenukira mwakachetechete kwa SwiftShader, imene imajambula ndi purosesa. Zinkayenda pang'onopang'ono koma zinkaoneka. Google inalengeza kuti ikusiya kutero payokha pa zifukwa za chitetezo, choncho laputopu imene inkatsimphina tsopano imatha kungoima. Palibe chaphwanyika m'kati mwake.

Njira zobwezeretsera WebGL zilipo zingapo, ndipo sizilemera mofanana. Yoyamba ndi yaulere ndipo satha mphindi: mu Chrome pitani ku Settings kenako System, kapena Definições kapena Configurações kenako Sistema ngati makina ali m'Chipwitikizi, muyang'ane mzere umene uli ndi mawu akuti acceleration kapena aceleração. Uyatseni, mutseke bulawuza yonse n'kuitsegulanso. Okonza ena amazimitsa dala kabatani kameneka pofuna kuthetsa kuphethira kwa sikirini, ndipo mwini makina sauzidwa.

Yachiwiri ndi driver, ndipo apa ndi pamene laputopu zofomatidwa zimagwera. Munthu akaika Windows yatsopano popanda intaneti, makina amadzuka bwinobwino, Word ikutseguka, makanema akuoneka, koma driver ya GPU palibe. Tsegulani Device Manager, kapena Gestor de Dispositivos, muone dzina la chojambulira zithunzi. Mukapeza Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa Intel, AMD kapena NVIDIA, mwalipeza vuto. Pa makina otere mapulogalamu ofuna OpenGL, njira yojambulira ya mapulogalamu oikidwa pa kompyuta, amangopatsidwa mtundu wa 1.1, wa m'ma 1990, umene PyMOL yatsopano imavutika nawo ndipo ChimeraX siyerekeza n'komwe. Driver muitenge pa Windows Update kapena pa tsamba la amene anapanga laputopuyo, monga HP, Dell kapena Lenovo, polemba nambala ya mtundu wa makina imene ili pa kapepala ka pansi. Imadya mamega ndithu, mwina mazana angapo, koma mumaikoka kamodzi n'kuisunga pa flash. Mapulogalamu aja amadzitcha okonza ma driver onse pakamodzi, ine sindiwakhulupirira. Ambiri amabwera ndi zotsatsa malonda ndi tizilombo.

Yachitatu n'kusintha bulawuza. Mndandanda wa zokanidwa wa Firefox si wofanana ndi wa Chrome, ndiye zimatheka kuti imodzi ikane ina n'kuvomera. Edge payokha siithandiza kwenikweni poyesa chifukwa m'kati mwake ndi Chromium yomweyo imene ili mu Chrome. Amene adakali pa Windows 7 adziwe kuti Chrome inaima pa mtundu wa 109 kumayambiriro kwa 2023, ndipo Firefox inaima pa 115 ESR. Masamba akamasinthidwa, makina oterewa amatsalira pang'onopang'ono ngakhale GPU itavomera.

Yachinayi n'kukakamiza. Mu chrome://flags muli chosankha chotchedwa Override software rendering list, ndipo mu about:config ya Firefox muli webgl.force-enabled. Mukazitsegula mukuuza bulawuza kuti inyalanyaze mndandanda uja. Nthawi zina zimayenda bwino n'kumadabwa kuti ankakaniranji. Nthawi zina sikirini imaphethira, tsamba limauma, kapena makina onse amazima. Pa laputopu yanuyanu yesani, mutasunga kaye ntchito zanu. Pa makina a sukulu amene mawa alembetserapo mayeso, musatero.

Yomaliza ndi Linux, imene anthu amaiopa mopitirira muyeso. Chitsanzo chabwino ndi Intel HD Graphics 3000, GPU ya mu 2011 imene ili mu laputopu zambiri za Core i3 ndi i5 za m'badwo wachiwiri. Pa Windows driver yake inaima pa OpenGL 3.1. Pa Linux, ndi ma driver a Mesa, kachipangizo komweko kamafika pa 3.3. Kusiyana kwa 0.2 kumeneko ndi kumene kumasiyanitsa makina otsegula ChimeraX ndi osatsegula. Ubuntu kapena Linux Mint mungaidzutse kuchokera pa flash osafufuta Windows, kungoti kuikoka koyamba ndi magiga angapo, choncho ndi ntchito yochitira pamene pali Wi-Fi, ku yunivesite kapena kwa mnzanu wa ku ofesi.

Mol*: yokongola, yofulumira, koma imafuna mapepala athunthu

Chimene chimatseguka mukadina 3D pa rcsb.org, pa PDBe ya ku Ulaya, kapena pa nkhokwe ya AlphaFold, ya mapuloteni amene mapindidwe ake analoseredwa ndi kompyuta, ndi Mol*. Anaipanga pophatikiza nzeru za mapulogalamu awiri akale, NGL ndi LiteMol, ndipo mphamvu yake ili pa zinthu zikuluzikulu. Chikuto cha kachilombo ka HIV, 3J3Q, chili ndi maatomu opitirira 2 miliyoni, ndipo Mol* imachitsegula pa makina abwino. Simuika kalikonse pa kompyuta. Pa molstar.org/viewer mungatsegulenso fayilo yanu imene ili pa flash, ndipo fayiloyo imawerengedwa m'makina anu momwemo.

Kufooka kwake n'kumodzi: popanda WebGL siichita kanthu. Uthenga wake wokana umatchula bulawuza yakale, driver, n'kuwonjezera mwanthabwala kuti mwina ndi nyengo yoipa. Ku Tete nthabwala imeneyo ili ndi kachoonadi. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, laputopu imene fani yake yadzaza fumbi imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo ikapanikizika driver imatha kudzidzutsanso pakati pa ntchito. Mukatero mumaona molekyulu ikuzungulira bwinobwino kenako n'kuzimiririka, nthawi zina ndi mawu akuti context lost. Ku Angónia ndi ku Tsangano kozizira kuja zimenezi sizichitikachitika. Kutukula laputopu kumbuyo kuti mpweya uzidutsa pansi, kuichotsa pa matiresi, ndi kupemerera fumbi m'mabowo a fani kumathandiza kuposa kusintha pulogalamu. Uthenga womwewo umabweranso mukatsegula mamolekyulu ambiri pakamodzi, chifukwa Chrome ili ndi malire a zojambula za WebGL zimene ingasunge, ndipo mukapitirira imataya yakale kwambiri.

Ikamayenda koma mokoka miyendo, lowani m'zosankha za chithunzi muzimitse Occlusion, timithunzi tija timachititsa kuti makwinya a puloteni aoneke akuya. Chepetsaninso zenera. Surface, chikopa chokuta puloteni yonse, ndiyo imalemera kwambiri. Cartoon ndi yopepuka. Ndipo laputopu ikhale pa chaja, chifukwa ikakhala pa batire Windows imaimana mphamvu.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti foni ya Android ya zaka zochepa zapitazi nthawi zambiri imatsegula Mol* bwino kuposa laputopu ya mu 2011. GPU yake ndi yatsopano ndipo driver inabwera nayo kuchokera ku fakitale. Zala ziwiri kukulitsa, chala chimodzi kutembenuza, basi. Chofunika n'kutsegula mu Chrome kapena Firefox yeniyeni. Opera Mini, imene timaikonda chifukwa chosunga mamega, ikakhala pa kusunga kwakukulu imakonzera tsamba ku makompyuta ake akutali n'kukutumizirani lophwanyidwa kale, choncho 3D singatheke. Ulalo ukatsegukira m'kati mwa Facebook n'kukana, dinani timadontho titatu musankhe kutsegula mu bulawuza. Pa iPhone, WebGL yachiwiri inafika ndi Safari 15 mu 2021. Kalasi imene ili ndi mafoni angapo, pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel, ingagawane m'magulu n'kuona 4HHB popanda laputopu n'imodzi yomwe, ndipo fayilo yakeyo siifika mega imodzi.

Abale ake a Mol* alipo. iCn3D ya NCBI ndi yabwino poyerekeza mndandanda wa ma amino acid ndi maonekedwe a puloteni. 3Dmol.js ya ku University of Pittsburgh ndi yaing'ono, ndipo ndi imene mumakumana nayo kawirikawiri mu Jupyter ndi Google Colab, malo olemberamo Python m'bulawuza. Zonsezi zimadalira WebGL yomweyo, ndiye ngati kabokosi kaja sikanazungulire musataye nthawi kudumpha kuchoka pa ina kupita pa inzake.

Jmol ndi JSmol: zachikale, koma ndi zimene sizikugwiritsani mwala

Apa ndi pamene mtima wanga uli. JSmol ndi Jmol yosinthidwa kukhala JavaScript, ntchito imene anaitsogolera Robert Hanson wa ku St. Olaf College ku Minnesota. Imajambula yokha ndi purosesa pa tsamba, osapempha chilolezo kwa GPU. Makina amene akanidwa WebGL, amene alibe driver, amene ali ndi Microsoft Basic Display Adapter, amaitsegula. Mungaipeze pa Proteopedia ndi pa FirstGlance in Jmol, pamene mumangolemba zilembo zinayi za puloteni. Zithunzi zake si zosalala ngati za Mol*, m'mphepete mwa timipira mumaoneka mano, ndipo puloteni ikakula kwambiri imayamba kudzikoka. Koma crambin, 1CRN, ya ma amino acid 46, kachidutswa ka DNA ka 1BNA, ngakhale hemogulobini ya ma amino acid 574, zimazungulira mokwanira kuphunzitsira. Ikalemedwa, lamulo lakuti set platformSpeed 3 limaiuza kuti izichepetsa zokongoletsa pamene mukutembenuza n'kuzibwezera mukaima.

Pali kusokonezeka kwina kofunika kukumasula. Masamba akale a m'ma 2000 ankagwiritsa ntchito Jmol ya Java yolowa m'bulawuza, ndipo ena akalekale ankafuna Chime. Chrome inatseka khomo limenelo ndi mtundu wa 45 mu 2015, Firefox ndi mtundu wa 52 mu 2017. Tsamba likakupemphani plugin ya Java kapena Chime, ndi lakufa ndipo palibe chimene mungachite kumbali yanu. Musakoke chilichonse chimene akukulozerani, chifukwa malo amene masiku ano amalonjeza plugin yotero ndi misampha. Koma Java yokha monga pulogalamu ya pa kompyuta idakali moyo, ndipo imapezeka ulere, mwachitsanzo Temurin ya Adoptium. Mukaiika, fayilo ya Jmol.jar imatseguka ngati pulogalamu ina iliyonse, pa Windows, pa Linux kapena pa Mac, popanda bulawuza, popanda intaneti, ndipo imathamanga kuposa JSmol.

Kwa ife pali phindu linanso: mamenyu a Jmol anamasuliridwa m'ziyankhulo zambiri, kuphatikizapo Chipwitikizi. Mwana amene waphunzira Química yonse m'Chipwitikizi savutika kupeza pamene asinthire maonekedwe kapena kuyeza mtunda pakati pa maatomu awiri. Mapulogalamu ena ambiri amene tikukambawa amayankhula Chingerezi.

Msampha umodzi: mukakoka JSmol n'kuyesa kutsegula tsamba lake mwachindunji kuchokera mu foda, mabulawuza atsopano amakana kuwerenga mafayilo ena a mu fodamo pa zifukwa za chitetezo, ndipo mumangoona kabokosi kopanda kanthu. Ngati makina ali ndi Python, lowani mu fodayo mulembe python -m http.server 8000, kenako mu bulawuza mulembe localhost:8000. Koma kunena zoona, popanda intaneti Jmol.jar ndi yosavuta kuposa zonsezi.

PyMOL

Warren DeLano anaitulutsa mu 2000, ndipo iye atamwalira mu 2009 kampani ya Schrödinger ndi imene inaitenga. Zithunzi zambiri za mapuloteni zimene mumaziona m'mabuku ndi m'magazini a sayansi zinapangidwa ndi iyo. Ilipo yogulitsa, ilipo ya aphunzitsi ndi ophunzira imene mumachita kupempha, ndipo ilipo yotseguka kwa onse. Yotsegukayi pa Ubuntu imalowa ndi mzere umodzi, sudo apt install pymol, pamene pa Windows imafuna kudutsa mu conda, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, kapena njira zina zimene munthu wosazolowera zimamutopetsa.

Wophunzira wa ku UniZambeze kapena ku Instituto Superior Politécnico de Tete amene akulemba monografia ndipo akufuna chithunzi chimodzi chakuthwa choti asindikize, PyMOL ndiyo yake. Chifukwa chake n'chakuti lamulo la ray limajambula ndi purosesa, ndiye ngakhale GPU ikhale yofooka chithunzi chomaliza chimatuluka chosalala, kungoti mumadikira. Mukalemba fetch 4hhb, kenako show sticks, resn HEM, kenako ray 1600,1200, kenako png hemogulobini.png, mwamaliza. Zenera likamaoneka lakuda kapena maliboni atasweka pa makina akale, yesani set use_shaders, 0, limene limabwezera PyMOL ku kajambulidwe kachikale kamene ma driver akale amakamva. Ndipo ngati zenera likukaniratu kutseguka, pymol -c imayendetsa malamulo anu popanda zenera n'kukusiyirani chithunzi mu foda. Chimene PyMOL sichitira bwino ndi kalasi ya ana oyamba kumene: imafuna kuloweza malamulo, ndipo kachizindikiro ka koma (,) kamodzi kakasowa imangokuyang'anani.

ChimeraX, ndi zina zongotchula

ChimeraX ya ku University of California San Francisco ndi yamphamvu kwambiri, makamaka pa mapu a cryo-EM, ochokera pa mamolekyulu oundanitsidwa n'kuonedwa ndi maikulosikopu ya maelekitironi, ndi pa zotuluka mu AlphaFold, ndipo ndi yaulere kwa osachita nayo malonda. Koma imafuna OpenGL 3.3 ndipo sinyengerera: ikapanda kuipeza imanena n'kutseka. Ikatseguka, lamulo lakuti graphics driver limakuuzani chimene makina anu ali nacho, ndipo lighting simple limaipepukitsa. Kuikoka ndi mamega mazana angapo. Ngati laputopu yanu ndi ya zaka zaposachedwa ndipo ntchito yanu ndi ya kafukufuku, itengeni. Ngati mukungofuna kuonetsa ana mapindidwe a puloteni, mukulipira mamega ndi kuleza mtima pa zinthu zimene simudzazigwiritsa ntchito. VMD ya ku University of Illinois ndi ya amene akuona mamolekyulu akuyenda m'kuyerekezera kwa pa kompyuta. Avogadro ndi ya kumanga timamolekyulu tating'ono ndi dzanja, monga etano, benzeno kapena glicose, ndipo pa Química orgânica ndi yothandiza kuposa zonse zatchulidwazi.

Zooneka ngati vuto pamene si vuto

Nthawi zina pulogalamu imaimbidwa mlandu pa zimene zili mu fayilo. Mapuloteni ambiri oyezedwa ndi X-ray alibe maatomu a hayidirojeni chifukwa njirayo siwaona bwino, choncho timadontho tofiira tomwazikana kuzungulira puloteni ndi madzi amene atsala ndi okosijeni yokha. Mzere wodukizadukiza pakati pa liboni ndi chigawo chimene sichinaoneke poyeza. Pa AlphaFold, imene nkhokwe yake inatsegulidwa mu 2021 ndi DeepMind pamodzi ndi EMBL-EBI, zingwe zazitali za mtundu wa lalanje zolendewera kunja si chithunzi chowonongeka. Ndi mbali zimene kompyuta ikuvomera kuti siikudziwa bwino mapindidwe ake, pamene za buluu wakuda ndi zimene ikuzikhulupirira.

China chimene chimakanganitsa anthu ndi ichi. Wina atsegula 1HHO, hemogulobini yonyamula okosijeni, pa rcsb.org n'kuona zigawo zinayi. Mnzake atsegula yomweyo mu PyMOL n'kuona ziwiri. Palibe walakwa. Fayiloyo ili ndi theka lokha, alpha imodzi ndi beta imodzi, pamodzi ndi malangizo opangira theka linalo. Mol* imatsatira malangizowo yokha, pamene PyMOL imafuna muiuze set assembly, 1 musanakoke.

Mtundu wa fayilo nawonso umagwetsa. Fayilo yachikale ya .pdb siingasunge maatomu opitirira 99,999, n'chifukwa chake zinthu zikuluzikulu zimangopezeka mu mmCIF, imene dzina lake limathera ndi .cif. Mapulogalamu akalekale monga RasMol amatha kulephera nazo. Fayilo yothera ndi .gz ndi yofinyidwa, ndipo ndi imene muyenera kusankha ngati mamega akuchepa, chifukwa PyMOL, Jmol, ChimeraX ndi Mol* zimaitsegula osafuna muimasule. Ndipo netiweki ikaduka pakati pokoka, fayilo imatha kusungidwa yosatha, puloteni n'kutseguka ili ndi theka. Onani kukula kwake musanaimbe mlandu makina.

Nanga titenge iti?

Kungofuna kuona msanga, pamene pali netiweki: Mol* pa foni. Chithunzi cha mu monografia: PyMOL. Kafukufuku weniweni pa makina atsopano: ChimeraX. Koma phunziro limene liyenera kuchitika Lachiwiri m'mawa, kaya netiweki ilipo kaya yathawa, kaya Credelec yatha ndipo laputopu ikudalira batire, ine ndimaika mtima pa flash imene muli Java, Jmol.jar ndi mafayilo okokeratu: 1CRN, 1BNA, 4HHB ndi 2HBS. Zonsezi pamodzi sizidzaza ngakhale flash yaing'ono kwambiri ya pa msika, ndipo zimayenda pa makina a mphunzitsi aliyense amene mungabwereke.

Awiri omalizawo ndi amene amaonetsa kuti zonsezi timavutikiranji. 4HHB ndi hemogulobini yabwinobwino ya munthu, yochokera ku gulu la Max Perutz, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1962 limodzi ndi John Kendrew. 2HBS ndi ya munthu wodwala anemia falciforme, imene kutsidya ku Malawi amati sickle cell. Tsegulani 4HHB mu Jmol, mutsegule zenera la malamulo, mulembe cartoon only, kenako select GLU6, kenako spacefill, kenako color red. Timagulu tiwiri tofiira tidzaoneka kunja kwa zigawo ziwiri za beta. Ameneyo ndi glutamato, amino acid wokonda madzi, atakhala pamalo pake. Tsopano tsegulani 2HBS, imene ili ndi mahemogulobini awiri ogundana, muchite chimodzimodzi koma mulembe select VAL6. Pamalo omwe aja pakhala valina, amene amathawa madzi. Onjezerani select PHE85, LEU88, kenako spacefill, kenako color yellow, n'kutembenuza pang'onopang'ono. Mudzapeza pamene kofiira ka hemogulobini imodzi kalowa m'kadzenje kachikasu ka inzake. Kugwirana kumeneko kukabwerezedwa kambirimbiri, magazi akakhala opanda okosijeni, mahemogulobini amalumikizana kukhala ndodo zazitali zimene zimapinda selo lofiira ngati chikwakwa. Pa laputopu yofooka kwambiri, 2HBS ikayamba kudzikoka, lembani select protein and not (VAL6, PHE85, LEU88), kenako cartoon off, kenako backbone 0.3, ndipo idzapepuka mokwanira kuti mwana aitembenuze yekha ndi mausi.